Manja a Mwana Akasanduka Achikasu M'nyengo ya Mbatata ndi Maungu

Ambiri mwa inu ndinu msinkhu wa makolo anga, ndiye mundilole kuti lero ndilankhule motalikirapo pang'ono tisanalowe m'munda wathu wophunzirirapo. Nkhani ya lero ikukhudza mbatata yofiira mkati imene takhala tikuchulukitsa mbewu yake, koma siyambira m'mizere ayi. Iyambira m'manja mwa ana athu.

Chaka chatha, mwezi wa June, m'gulu lina limene ndimayendera, mayi wina anabwera kumsonkhano atabereka mwana wa chaka chimodzi ndi miyezi ingapo. Pagulu sanalankhule kanthu. Anthu atabalalika anandiitanira pambali, n'kutambasula kadzanja ka mwanayo. Chikhatho chinali chachikasu ngati mkati mwa papaya wongoyamba kupsa. Kunsi kwa mapazi chimodzimodzi. Mayiyo anati, "Alangizi, mbatata yanu ija yandidwalitsira mwana chikasu." Apongozi awo anali atalamula kale kuti mbatatayo isaphikidwenso pakhomopo, ndipo kholowa amene anasunga kudimba kuti adzakhale mbewu ya dzinja lotsatira anali atamuzula n'kuponyera nkhumba.

Ndinafunsa zimene mwanayo amadya. M'mawa phala lothira mbatata yonyenyanyenya ndi nsinjiro. Dzuwa likakwera, maungu. Masana futali. Madzulo nsima ya nkhwani wotendera. Zinali choncho tsiku ndi tsiku kuyambira mu April. Mwana mwiniwakeyo anali wojintcha bwino, thupi losatentha, ndipo nthawi yonse imene tinkacheza ankalimbana ndi chipewa changa. M'maso mwake munali mbee. Poti ntchito yanga ndi ya zaulimi, tinapita limodzi kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, amene anawatumiza kuchipatala. Kumeneko anamuyeza mwanayo n'kuwauza kuti sakudwala, mtunduwo wachokera ku chakudya. Anasintha kadyetsedwe pang'ono, ndipo patatha miyezi iwiri manja anabwerera mwakale. Koma mbewu inali itapita. Mabanja ena atatu amene anamva mphekesera ija anazulanso yawo, ndipo mvula itagwa onsewo anachita kugula kholowa wobzala pamtengo wokwera.

Ndiye tiyeni timvetse chimene chinachitika.

Mu mbatata yofiira mkati, m'maungu, mu karoti, m'mango ndi papaya wakupsa muli chinthu chotchedwa karotini. Ndi amene amapatsa zakudyazi mtundu wa olenji. M'masamba obiriwira kwambiri monga bonongwe, nkhwani, chisoso, kholowa, chigwada ndi cham'mwamba alimonso wambiri, kungoti kubiriwirako kumamubisa. Amene mumalima fodya mukudziwa kuti tsamba likamauma m'chigafa kubiriwira kumachoka, chikasu n'kuonekera. Chikasucho sichichokera kwina ayi, chinalimo kale m'tsambamo.

Tikadya zakudya zimenezi, karotini amafika m'matumbo ndipo thupi limamusandutsa vitamini A, uja amathandiza maso kuona kukamada, amalimbitsa chitetezo cha m'thupi komanso amathandiza mwana kukula. Koma thupi silisandutsa karotini yense amene tadya. Likakhala kuti lili ndi vitamini A wokwanira, limachepetsa lokha kusandutsako. Wotsalayo amayenda m'magazi n'kukakhazikika m'mafuta a m'thupi ndi pakhungu, makamaka pamene khungu ndi lokhuthala, ndiye kuti m'zikhatho ndi kunsi kwa mapazi. Nthawi zina amaonekanso m'mbali mwa mphuno. Ife akhungu lakuda sizionekera kwenikweni thupi lonse, zimaoneka m'malo oyererapo amenewa. Ndipo sizichitika chifukwa chodya mbatata tsiku limodzi kapena awiri. Zimatenga masabata angapo munthu akudya zambiri tsiku lililonse.

Zimenezi mwaziona kale pa ziweto, kungoti simunazilumikize ndi anthu. Ng'ombe yodya msipu wobiriwira mafuta ake amakhala achikasu, pamene yonenepetsedwa m'khola ndi madeya mafuta ake amayererapo. Ndi karotini yemweyu. Palibe amene amakana nyama ya ng'ombe yoteroyo kuti ikudwala chiwindi. Dzira la nkhuku yachikuda, yoyenda yokha ikutola masamba, mkati mwake mumakhala mofiirira kuposa dzira la nkhuku yodya chimanga choyera chokha, ndipo zimene zimachititsa ndi zinthu za mtundu womwewo wa karotini. Mbuzi yokha ndi ina: idye msipu womwewo, mafuta ake amakhalabe oyera.

Chifukwa chiyani zimakonda ana aang'ono? Thupi lawo ndi laling'ono, chakudya chawo sichisinthasintha, ndiponso timawaphikira mofewa. Mbatata kapena dzungu likapsa bwino, n'kunyenyedwa, n'kuthiramo nsinjiro kapena kadontho ka mafuta, thupi limatengamo karotini wochuluka kuposa munthu akamangotafuna karoti wamuwisi. Kaphikidwe kameneka ndi kamene timaphunzitsa, ndipo n'koyenera. Mayi uja sanalakwitse kuphika. Chimene chinachitika n'choti zakudya zonse zinayi za tsikulo zinali za karotini, kwa miyezi itatu yathunthu. Akuluakulu nawonso zimawachitikira, makamaka mu December ndi January pamene ena amaswera mango okhaokha chifukwa ufa watha m'nyumba.

Mtundu umenewu pawokha si matenda. Suwononga magazi, suwononga chiwindi, supatsirana, ndipo karotini wa m'zakudya sangachulutse vitamini A m'thupi mpaka kufika povulaza, chifukwa cha kudziletsa kwa thupi kumene ndafotokoza kuja.

Tsopano apa ndi pamene ndikufuna mutchere khutu kwambiri, chifukwa ndikuopa kuti wina angachoke pano n'kumakauza anthu kuti chikasu chilichonse ndi cha mbatata. Kulakwitsa kumeneko n'koopsa kuposa kuja kozula mbewu. Mbewu timagula ina, koma matenda enieni a chikasu amapha.

Pasukulu yathu ino tinaphunzira kuti chimanga chikachita chikasu sitithamangira kunena chifukwa tisanayang'ane pamene chikasucho chili. Chikayambira masamba am'munsi, kuchokera kunsonga n'kumatsata mtsempha wapakati, timati chasowa chakudya cha nayitirojeni. Chikakhala mizeremizere yotsata tsamba, timati ndi matenda aja amafalitsidwa ndi tizilombo touluka. Chikakhala chopinimbira, timayang'ana pansi ngati pali kaufiti. Mtundu ndi umodzi, zifukwa n'zosiyana, ndipo chochita n'chosiyananso. Kwa munthu n'chimodzimodzi: yang'anani pamene chikasu chili.

Choyamba, musambitseni m'manja ndi sopo. Madzi a mango, dothi la katondo ndi fodya zimathimbiritsa manja kunja kokha, ndipo zimachoka kapena kuchepa mukasamba. Mtundu ukapanda kuchoka, tulukani naye panja pamene pali kuwala kwa dzuwa, osati m'nyumba kapena ndi tochi. Kokerani pansi chikope cham'munsi, mwanayo ayang'ane kumwamba, inu muone mbali yoyera ya diso. Karotini safika m'maso. Ngati manja ali achikasu koma m'maso muli moyera, mwana akudya, akusewera, thupi silikutentha, mkodzo uli monga mwa masiku onse, ndipo mukudziwa kuti wakhala akudya mbatata, maungu kapena mango kwambiri, kawirikawiri chimenecho ndi chakudya chabe. Mukamuonetse kwa alangizi a zaumoyo kapena kusikelo kuti mtima ukhale pansi, koma si zothamanga nazo usiku.

Matenda a chikasu amabwera mwa njira ina. Magazi athu akamakalamba amaphwanyika n'kutulutsa zinthu zachikasu, zimene chiwindi chimachotsa kudzera mu ndulu n'kutuluka ndi chimbudzi. Magazi akamaphwanyika mofulumira kwambiri, monga pa malungo aakulu, kapena chiwindi chikadwala, kapena njira ya ndulu ikatsekeka, zinthuzi zimadzaza m'thupi. Malo oyamba kuonekera ndi m'maso. Mkodzo umada ngati tiyi wopanda mkaka. Kwa ena chimbudzi chimayera ngati phulusa ndipo thupi limayabwa. Munthu amafooka, safuna kudya, amasanza, mwina thupi limatentha. Mukaona m'maso mwachita chikasu, kaya munthuyo wadya mbatata dengu lonse dzulo lake, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Musadikire kuti muone ngati zisintha, ndipo musayambe mwamumwetsa mankhwala azitsamba, chifukwa chilichonse chimene munthu wamwa chimadutsa m'chiwindi chodwalacho.

Zimene zimadwalitsa chiwindi n'zambiri. Pali tizilombo toyambitsa matenda otupa chiwindi, ena obwera ndi madzi kapena chakudya chauve, ena opatsirana kudzera m'magazi ndi pogonana. Pali mowa, makamaka kachasu. Koma chimodzi chili m'manja mwathu ife alimi, ndicho chuku. Chimanga ndi mtedza zosauma bwino, kapena zosungidwa ponyowa, zimachita chuku chimene chimatulutsa poizoni wowononga chiwindi. Mu 2004 kum'mawa kwa dziko la Kenya anthu oposa 300 anadwala ndipo 125 anamwalira atadya chimanga chachuku, ndipo chizindikiro chachikulu chinali maso achikasu. Kotero ngati pakhomo pali chakudya choti tichikayikire pa nkhani ya chikasu, ndi mtedza wowola uja timausinja n'kupanga nsinjiro poona kuti sungagulike pamsika, osati mbatata. Nsinjiro za phala la mwana zichokere ku mtedza wosankhidwa bwino.

Mwana wakhanda ndiye alibe lamulo lija la manja ndi maso. Khanda la masiku kapena masabata ochepa silinayambe kudya phala, choncho musalole wina akuuzeni kuti lachita chikasu chifukwa mayi ake amadya mbatata kapena mango. Kwa khanda, chikasu chikafika m'zikhatho ndi kunsi kwa mapazi ndiye kuti chakula kwambiri, ndipo chingawononge ubongo. Chikaonekanso tsiku loyamba lobadwa n'choopsa. Agogo aakazi amene muli pano, inu ndi amene mumasambitsa makanda ndipo mumayamba kuona. Mukaona, nenani kuti apite kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale mchombo usanagwe.

Pali zina ziwiri zimene anthu amasokoneza ndi karotini. Zikhatho zotuwa, zoyera ngati pepala, ndi chizindikiro cha kuchepa kwa magazi. Tsitsi lofiira, lopyapyala, losavuta kuzuka, pamodzi ndi mapazi otupa, ndi kunyentchera. Zonsezi n'zofunika kuchipatala ndipo mbatata ilibe nazo mlandu. Komanso munthu wamkulu amene manja ake achita chikasu koma sadya kwambiri zakudya tatchulazi akayezetse, chifukwa matenda a shuga, a chithokomiro ndi a impso amathanso kuchititsa karotini kuchuluka m'magazi.

Nanga zikatsimikizika kuti ndi chakudya chabe, tichite chiyani? Mankhwala palibe ndipo safunika. Musamukhule mwana ndi mwala kapena chinkhupule mpaka khungu kusupuka, mtunduwo uli mkati mwa khungu ndipo sungachoke motero. Musamutemere mphini. Musamusiyitsenso mbatata. Chofunika ndi kusinthasintha. Ngati m'mawa wadya phala la mbatata, masana adye nsima ya nyemba, nandolo, usipa kapena dzira. Ngati lero maungu, mawa phala la mgaiwa lothira soya kapena nsinjiro. Nthochi, bwemba ndi malambe ndi zipatso zimene zilibe karotini wambiri, ndipo zingalowe m'malo mwa papaya masiku ena. Mtunduwo umazilala wokha pang'onopang'ono, kwa ena masabata angapo, kwa ena miyezi iwiri kapena itatu, chifukwa karotini amene anakhazikika m'mafuta a m'thupi sachoka tsiku limodzi.

Ine ndikaona manja otere, chimene ndimafunsa si kuchuluka kwa mbatata, koma chimene chikusowa m'mbale. Paja timati zakudya zili m'magulu asanu ndi limodzi: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, masamba, zipatso ndi zamafuta. Mwana amene wakhuta mbatata ndi maungu tsiku lonse mimba yake ilibenso malo a nyemba kapena nsomba, ndipo n'kutheka kuti vitamini A ali naye wokwanira koma zomanga thupi zikuperewera. Kwa mwana wosafika zaka zisanu, kambatata kamodzi kofiira bwino mkati, kolemera pafupifupi magalamu 125, kokwana m'dzanja la munthu wamkulu, kamakwaniritsa vitamini A wa tsiku lonse. Sipafunika kumudyetsa katatu. Ndikudziwa kuti kulankhula n'kosavuta. M'nyengo yokolola mbatata ndi maungu ndi zimene zili pakhomo zosagula, ndipo mayi amene akupita kukakolola amasiyira ana mphika wa chimene chilipo. N'chifukwa chake m'munda wathu uno tinaika mizere ya nandolo ndi khobwe, ndiponso ndimakakamira nkhani yoti mazira ena azidyedwa pakhomo, osati onse kumsika.

Mwina wina akuti, bwanji osangobwerera ku mbatata yoyera imene makolo athu ankalima, yosasintha munthu mtundu? Limani ndithu, ndi chakudya chabwino chokhutitsa, koma karotini ilibe kapena ili naye wochepa kwambiri. Kafukufuku wa boma wa mu 2001 anapeza kuti ana 59 mwa ana aang'ono 100 aliwonse m'Malawi muno anali operewera vitamini A. Mu 2009 chiwerengerocho chinatsika kufika pa 22, ndipo pa kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 chinali pafupifupi 4. Zathandiza ndi zingapo: timakapisozi ta vitamini A timene ana amalandira kusikelo, shuga ndi mafuta ophikira zimene amazithira vitamini A kufakitale, komanso zakudya za kumunda. Koma inu mukudziwa kuti si banja lililonse limene limagula shuga ndi mafuta mwezi wonse. Mtengo ukakwera, zimenezi ndi zoyamba kusowa pakhomo. Mbatata ya kuseri kwa nyumba siyendera mtengo wa kugolosale. Mwana woperewera vitamini A amavutika kuona kukamada, ndipo akadwala chikuku kapena kutsekula m'mimba matendawo amamugwira mwamphamvu. Pakati pa mwana woteroyo ndi mwana wa manja achikasu amene akuthamanga pabwalo, ine ndisankha wachiwiriyu.

Mbewu zimenezinso sizinangotola panjira. Zondeni inavomerezedwa mu 2008, ndipo mu 2011 a kafukufuku a unduna wa zaulimi, amene ntchito yawo ya mbatata imachitikira kwambiri ku Bvumbwe m'boma la Thyolo, anatulutsa Kadyaubwerere, Anaakwanire, Kaphulira, Mathuthu ndi Chipika, mogwirizana ndi bungwe la CIP. Ndanena izi chifukwa m'mudzi uja munamvekanso zoti mbatatayi amaibaya mankhwala kapena kuithira utoto. Sizoona. Mtunduwo ndi wachibadwa, ngati wa dzungu ndi mango, ndipo mbewuzi anazipeza posankha ndi kukwatitsa mitundu ya mbatata. Mukadula muona kuti kufiira kwake kumasiyana. Yofiira kwambiri ndiyo ili ndi karotini wambiri.

Kanthu kamodzi ka timakapisozi ta kusikelo, poti ndatitchula. Mmenemo muli vitamini A weniweni wamphamvu, osati karotini, ndipo ameneyo akachuluka amavulaza. N'chifukwa chake mwana amalandira kamodzi pa miyezi isanu ndi umodzi, kuyambira ali ndi miyezi 6 mpaka atakwana zaka zisanu, ndipo amalemba m'buku lake la kusikelo. Musamulandiritse kawiri pobisa buku, ndipo mayi woyembekezera asamwe kapisozi wa mwana. Koma musalekenso kupita naye kusikelo poganiza kuti mbatata yakwanira. Ngati manja ake asintha mtundu, auzeni azaumoyo zimene akudya, iwo ndi amene aone chochita.

Ntchito yathu ya sabata ino ndi iyi. Banja lililonse lijambule pansi kapena papepala malo asanu ndi limodzi, amodzi pa gulu lililonse la zakudya. Kwa masiku atatu, mwana wamng'ono wa pakhomopo akadya chakudya cha gulu lina, ikani njere ya chimanga pamalo a gululo. Amene mulibe mwana wamng'ono muchitire mdzukulu kapena wa oyandikana nawo. Muonenso zikhatho ndi maso ake padzuwa, kuti muzolowere mmene zimaonekera mwana ali bwino. Tikakumana sabata yamawa tidzawerenga njerezo pamodzi, ndipo ndapempha alangizi a zaumoyo kuti adzakhale nafe kuti adzayankhe mafunso a zachipatala. Mudzabwere ndi mabuku a kusikelo.

Tsopano tigawane m'magulu athu anayi. Gulu loyamba ndi lachiwiri lipite ku mizere ya Kadyaubwerere, lachitatu ndi lachinayi ku Kaphulira. Muyang'ane ming'alu ya dothi m'mizere, chifukwa ndi mmene nankafumbwe amalowera, ndipo pamene mwapeza mng'alu mukwirire. Gulu lililonse likumbe phando limodzi, libweretse mbatata ziwiri pansi pa mtengo pano kuti tidule tiyerekeze mtundu wake.